Mpopi ukayamba kudontha: mtengo wa pulambala kwa Mposa, ku Liwonde ndi ku Balaka

Mlamu wanga wa kwa Mposa anamanga nyumba ndi ndalama za ku Joni. Mwamuna wake, yemwe ndi mchimwene wanga, anakhala zaka zisanu ndi ziwiri akutchetcha kapinga m'mipanda ya eni ake ku Johannesburg. Iye kuno ankaumbitsa njerwa, kugula malata ndi kulondera amisiri. Nyumbayo inatha bwino: matailosi pansi, thanki pansanja yachitsulo, pampu ya sola pachitsime, ndi chimbudzi chogejemula m'kati mwenimweni. Anthu odutsa popita ku sikimu ya mpunga ya Domasi ankacheuka.

Chaka chisanathe, thanki inayamba kuuma usiku. Dzuwa likamalowa imakhala yodzaza, kukamacha ili gwaa. Anayamba waganizira ana, kenako anansi, kenako zina zomwe sitingalembe m'magazini. Pomaliza anaimbira pulambala wa ku Liwonde.

“Amisiri, ndiye zikhala zingati?”

“Mayi, ndisanaone sindingatchule. Koma ya thiransipoti yokha nditumizireni pafoni, ndinyamuke.”

Mmisiriyo anafika pa kabaza wa njinga yamoto masana. Anazungulira nyumba yonse kufuna pomwe panyowa, osapeza. Atalowa kuchimbudzi anatsegula chivundikiro cha kathanki kogejemulira, n'kudonthezamo madzi a tiyi wopanda mkaka, n'kutiuza kuti tidikire. Patapita mphindi zochepa madzi a m'mbale ya chimbudzi anayamba kufiira. Kalabala kotseka madzi pansi pa kathankiko kanali kataumirira, ndipo madzi ankatsetsereka mwakachetechete usiku wonse, kupita kudzenje. Kalabala ka saizi imeneyo m'chikwama mwake munalibe, ndiye anabwerera, n'kudzabweranso mawa lake. Kalabalako mtengo wake sunapose wa botolo la Fanta ndi bani. Kukaika kunatenga mphindi khumi. Ndalama yaikulu pa zonse zomwe mlamu anatulutsa inapita kwa anyamata a kabaza, maulendo anayi.

Ndayamba ndi nkhaniyi chifukwa ikuonetsa momwe mtengo wa ntchito ya mapaipi umakhalira kuno. Anthu akamafunsa kuti “kukonza mpopi n'zingati?” amayembekeza nambala imodzi ngati mtengo wa thumba la simenti, koma nambala yotero kulibe. Ndalama yomwe mutulutse imachokera ku zinthu zinayi zosiyana, ndipo chilichonse chimakwera pa zifukwa zakezake: chipangizo, leba, mtunda, ndi nthawi yomwe vutolo lakhala lisanakonzedwe. Pa zinayizi leba ndiye timakonda kukangana naye, chonsecho nthawi zambiri ndiye wamng'ono.

Zipangizo zimayendera dola. Mapaipi ena a pulasitiki amapangidwa konkuno, koma mankhwala opangira amachokera kunja. Mipopi ya mkuwa, mavavu, guluu wa PVC, mbale za zimbudzi, magiza ndi mapampu, zambiri zimachokera ku South Africa, ku China kapena ku India. Mu Meyi 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Wogulitsa mu hadiweya akasowa dola kubanki amakaigula kwina modula, ndipo kuduladulako amakuika pa elibo ndi soketi. N'chifukwa chake kotesheni ya mwezi watha ndi pepala chabe. Pulambala akakuuzani kuti mitengo ya pakapepala kake igwira ntchito sabata imodzi yokha, sakukuopsezani kuti mufulumire. Iyenso akuthawa kudzaonjezera za m'thumba mwake.

M'hadiweya za ku Liwonde ndi ku Balaka chinthu chilichonse chili pawiri kapena patatu. Mukafunsa mpopi wa hafu inchi adzakufunsani kuti “wa orijino kapena winawu?” Mpopi wa Cobra weniweni ndi wolemera m'manja, ndipo ukayamba kudontha mumangosintha washala n'kupitiriza zaka. Wofanana nawo wotchipa ndi wopepuka, chitsulo chake n'chosakaniza, ndipo mazinga ake akangolumala palibe chokonza, mumagula wina. Panyumba yomwe ili pafupi ndi hadiweya, munthu angathe kusewera njuga imeneyi. Kwa Mposa, komwe kusintha mpopi kumafuna ulendo wa ku Zomba kapena ku Liwonde, wotchipayo akathyoka kawiri mwalipira kale mtengo wa weniweni uja, kuphatikiza fumbi la m'njira.

Leba sakhala ndi mlingo wolembedwa. Amisiri ena amatchula pa ntchito, ena pa “poyinti”, kutanthauza malo aliwonse otulukira madzi monga sinki, shawa kapena chimbudzi, ndipo pa nyumba yatsopano ena amawerengera gawo la mtengo wa zipangizo zonse. Njira yomalizayi ndimaikayikira, chifukwa imapatsa mmisiri chifukwa chokondera zipangizo zambiri. Chomwe ndaona chikuthandiza n'kupempha mapepala awiri, la zipangizo palokha ndi la leba palokha. Zipangizo mukagule nokha kapena mupite naye limodzi, ndipo zotsala zikhale zanu. Mmisiri woona sakhumudwa nazo zimenezi. Amene akakamira mtengo umodzi wophatikiza zonse, kawirikawiri phindu lake labisala m'mapaipi.

Ntchito zake zili ngati makwerero. Pansi penipeni pali washala wa mpopi, valavu yoyandama ya m'kathanki ka chimbudzi, ndi sinki yotsekeka ndi mafuta ndi nyenyeswa za nsima. Izi ndi za ola limodzi, ndipo zina mwini nyumba angaphunzire kuchita yekha ndi sipanala ndi tepi yoyera ija yokulunga pamazinga. Pamwamba pake pali paipi yophulika panja, m'nthaka. Apa chipangizo n'chochepa, kachidutswa ka paipi ndi zolumikizira ziwiri, koma pamafunika waganyu wokumba, ndipo kufufuza pomwe yaphulika kumatha kudya tsiku. Mapaipi ambiri a m'nyumba zathu anakwiriridwa mosazama, mwina chikhatho chimodzi, ndiye khasu la wolima masamba kuseri kwa nyumba limawapeza msanga.

Pomwe ndalama imalumpha ndi paipi yodontha m'kati mwa khoma kapena pansi pa simenti. Pulambala amangokonza paipi. Khoma lomwe wagumula limafuna womanga, simenti, mchenga, penti, ndipo ngati panali matailosi, mudzazungulira mashopu kufuna mtundu womwewo, womwe unatha kalekale. Mabafa ambiri ku Balaka ali ndi chigamba cha matailosi osiyana mtundu, ndipo chigamba chilichonse ndi mbiri ya paipi. M'nyumba zakale za mapaipi achitsulo, dzimbiri limadya m'kati mpaka njira ya madzi kutsala ngati ya udzu womwera. Mukakonza pano, mawa paphulika apo. Zikafika pamenepa kuli bwino kusiya mapaipi akalewo m'khoma momwemo, n'kuyendetsa atsopano apulasitiki kunja kwa khoma. Sizikongola, koma tsiku lodontha mumaona ndi maso. Ine ndikanakhala ndikumanga lero, mapaipi onse ndikanawadutsitsa kunja, kumbali yosaomba dzuwa, chifukwa PVC ikapsa ndi dzuwa la ku Balaka imauma n'kumathetheka ngati chikho chakale.

Za giza sindichedwapo. Ndi ya anthu ochepa, ndipo ikafa nthawi zambiri chafa ndi elementi kapena chozimitsira kutentha, zomwe zimasinthika. Ikaboola thupi, mwagula ina.

Dzenje la zoipa ndiye lofunika kulilingalira bwino, makamaka m'chigwa cha Chilwa. Chimbudzi chogejemula chimafuna septic tank ndi soakaway, dzenje lachiwiri lodzaza miyala momwe madzi amalowerera m'nthaka. Kumtunda, kufupi ndi mapiri a Chikala, nthaka imamwa madzi. Kutsikira kunyanja, nthaka yambiri ndi yamakande ndipo madzi apansi ali pafupi. Dzinja likafika dzenje limadzaza ndi madzi ochokera pansi, mukagejemula zinthu zimabwerera, fungo n'kulowa m'nyumba. Mwini nyumba amaitana pulambala poganiza kuti paipi yatsekeka, amalipira, sabata yamawa vuto lomwelo. Galimoto yopopa zimbudzi ikachokera kutauni imawerengera mtunda, ndipo pamsewu wamatope mwina siifika n'komwe. Chinanso chomwe chimatsekereza mapaipi a zoipa n'kuwayala mosatsetsereka bwino. Paipi ya mamilimita 110 imafuna kutsika pafupifupi sentimita imodzi pa masentimita 40 alionse. Womanga akaiyala mwa diso chabe, mudzalipira wotsegula chaka ndi chaka. Ndipo dzenje lililonse la zoipa liyenera kutalikirana ndi chitsime mamita osachepera 30, lamulo lomwe pamapuloti ang'onoang'ono a m'matauni athu limathyoledwa tsiku ndi tsiku.

Thanki ya pansanja nayo ili ndi mtengo wobisika. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu, matumba 100 a chimanga ali m'mwamba pamutu pa ana osewera. Nsanja yowotcherera ndi zitsulo zopyapyala kuti mupulumutse ndalama ndi ngozi yodikira mphepo. Kutalika kwake nakonso kuli ndi ntchito: mamita khumi okwera ndiwo amapereka mphamvu ya bar imodzi, ndiye thanki ya pansanja ya mamita atatu shawa yake imangolira misozi. Anthu ena amasintha shawa kawiri katatu, kumuda pulambala, pomwe vuto lili pa nsanja.

M'matauni a Liwonde, Balaka ndi pa boma la Machinga, madzi a m'mipopi ndi a Southern Region Water Board, limodzi mwa mabungwe omwe anakhazikitsidwa ndi lamulo la Waterworks Act la 1995, ndipo likulu lake lili ku Zomba. Malire a udindo ali pa mita. Paipi ikaphulika isanafike pa mita, ndi ya bungwe, ndipo chanu n'kukanena. Ikaphulika kupitirira mita, ndi yanu, pamodzi ndi madzi onse otayikawo. Pa kampeni ya 2020 a Tonse Alliance analonjeza kulumikiza madzi kwaulere, ndipo anthu ambiri anasangalala, koma ngakhale kulumikiza kutakhala kwaulere, kumathera pa mita pomwepo. Kuchoka apo mpaka kubafa ndi thumba lanu. Walira mvula walira matope.

Pamita ndi pomwe nthawi imasanduka ndalama. Bilu imawerengedwa pa malita 1,000, omwe ndi ndowa 50 za malita 20. Mpopi wodontha kadontho kamodzi pa sekondi umataya malita pafupifupi 30 pa tsiku, ndowa zoposa 40 pamwezi. Kathanki ka chimbudzi kotsetsereka ngati ka mlamu wanga kangathe kutaya malita mazanamazana pa tsiku popanda phokoso. Ndiye munthu amene wamanga mpopi ndi legeni kwa miyezi itatu pothawa leba wa ola limodzi, walipira kale lebayo ku bungwe la madzi, ndipo mpopi ukadali wodontha. Kuyesa n'kosavuta: tsekani mipopi yonse usiku, lembani manambala a pamita, m'mawa muonenso musanatsegule. Akasintha, penapake pakutuluka madzi. Mabilu ambiri omwe timakakangana nawo ku ofesi, mlandu wake uli m'chimbudzi mwathu.

Anthu a ku Balaka anaphunzira chinthu china mu 2018, damu la Mpira ku Ntcheu litauma, mipopi n'kukhala youma kwa miyezi. Madzi akamabwera mwa apo ndi apo, mapaipi amavutika kuposa akamayenda nthawi zonse. Amabwera ndi mpweya ndi matope, kuomba mavavu, kutseka timasefa ta m'mipopi ndi m'mathanki a zimbudzi. Wina amasiya mpopi wotsegula podikira, madzi n'kubwera pakati pausiku, m'mawa nyumba yasanduka dambo. Kusowa kwa madziko ndiko kunakankhira mabanja ambiri kugula mathanki ndi kukumbitsa zitsime, ndipo m'madera ena madzi apansi ndi amchere kapena osachita thovu, omwe amasiya zoyera m'mipopi ndi kudya elementi ya giza msanga.

Koma tinene zoona, nyumba ngati ya mlamu wanga kwa Mposa n'zowerengeka. Kwa mabanja ambiri, “mapaipi a panyumba” ndi mjigo wa pamudzi kapena mpopi wa onse, ndipo pulambala wawo ndi makaniko wa m'dera. Dziko lino lili ndi mbiri yonyaditsa pa nkhaniyi. Mu 1968 ku Chingale, kuseri kwa phiri la Zomba, anthu anakumba okha ngalande, boma n'kupereka mapaipi, madzi n'kutsika okha kuchokera kuphiri popanda injini. Njirayi inafalikira m'maboma ambiri, kuphatikizapo masikimu a Kawinga ndi Chagwa ku Machinga. Madziwo anali aulere, ndipo poti anali aulere, funso loti adzagula mpopi ukathyoka ndani silinayankhidwe bwino. Mapaipi atakalamba, nkhalango za kumagwero zitadulidwa, mipopi yambiri inauma. Lero masikimu otere amayendetsedwa ndi mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, omwe amatolera ndalama pamwezi kuti alipire okonza ndi kugula zipangizo.

Mjigo wa Afridev, womwe uli pafupifupi m'mudzi uliwonse, unachokera ku mjigo wa Maldev womwe unayesedwa m'chigwa cha Livulezi ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Anaupanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuumasula ndi sipanala imodzi, n'kusintha okha tizipangizo totha msanga: U-seal, O-ring, bobini ndi mabushi apulasitiki a pachogwirira. Timeneti n'totchipa, ndipo komiti yotolera kangachepe pakhomo lililonse mwezi ndi mwezi singalephere kutigula. Chomwe chimachitika m'midzi yambiri n'choti anthu amasonkha mjigo ukafa. Mabushi akatha, chogwirira chimayamba kugwedera, zitsulo za m'kati zimakhula mapaipi, mpaka paipi kubooka kapena ndodo kuduka n'kugwera pansi pa dzenje. Apa pafunika makaniko, anthu angapo ozula mapaipi, guluu, mapaipi atsopano, mwinanso a ku ofesi ya zamadzi. Mlingo wa boma umati mjigo umodzi ndi wa anthu 250, koma mjigo wa mudzi woyandikana ukafa, wanuwo umasenza midzi iwiri ndipo umatha mwachangu. Masabata omwe komiti ikuyenda khomo ndi khomo, amfumu akuitanitsa msonkhano, amayi amabwerera kumtsinje ndi kuzitsime zosatetezedwa. Mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo anthu a m'mbali mwa Chilwa, makamaka asodzi ogona m'zimbowera, matendawa amawadziwa kuyambira kale. Pamtengo wa kalabala ka mjigo tiziwerengeraponso zimenezo.

Tsono pulambala ndani? Alipo omwe anaphunzira m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, kapena analemba mayeso a trade test kuyambira giredi 3 mpaka giredi 1. Alipo ambiri omwe anaphunzira ponyamulira mmisiri wina chikwama, ndipo ena mwa iwo ndi akatswiri kuposa a mapepala. Aliponso omwe anangogula sipanala. Pepala silinena zonse, koma manja amanena. Ndinaonapo wina akuwotcha nsonga ya paipi ya PVC pamoto wa mapesi kuti ifewe, n'kulowetsamo inzake m'malo mogula soketi. Zinagwira, ndipo mwini nyumba anakondwa kuti wapulumutsa ndalama. Pulasitiki yopsa imapyapyala n'kuuma, ndipo polumikiza potero pamaphulika pakapita nthawi, kawirikawiri atathira kale simenti pamwamba. Mmisiri wabwino amatsegula madzi n'kuyesa mapaipi onse asanalole womanga kuwaphimba, ndipo ndalama yomaliza amailandira madzi atayenda. Amene akufuna leba yense asanagwire chitsulo, mwina ali ndi ntchito ina ku Ntaja yomwe anadyeratu ndalama yake.

Nawonso amisiri ali ndi madandaulo awo, ndipo ndi omveka. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma anali K50,000 pamwezi mu 2021, n'kufika K90,000 mu 2024, koma pulambala woyenda yekha alibe mwezi. Sabata ina ntchito zitatu, sabata ina foni ili zii. Zida amagula yekha pa mtengo wa dola womwe uja. Akabwera n'kupeza vuto m'mphindi zisanu, timati “ndiye kangachepe komweka mukufuna zonsezo?”, kuiwala kuti ifeyo tinalifufuza mwezi wathunthu osalipeza. Ena timawauza kuti “mubwere kumapeto kwa mwezi,” mwezi wake osatha. M'nyumba za lendi ndiye zimavuta kwambiri: landilodi akuti wathyola ndi wokhalamo, wokhalamo akuti anapeza chothyoka kale, pulambala ali chiimire pakhomo ndi chikwama chake, wa kabaza akuliza hutala.

Mlamu wanga anamulipira mmisiri uja tsiku lomwelo, n'kumupatsanso mpunga wa m'mbale ziwiri. Asananyamuke anamupempha kuti amuonetse momwe kalabala kaja amakaikira, ndipo anamuuza kuti alembe pakapepala masaizi a mawashala onse a m'nyumbamo. Ulendo wotsatira wa ku Zomba anagula awiriawiri, pamodzi ndi tepi yoyera ndi sipanala yosintha kukula, n'kuziika m'chitini chakale cha mkaka pamwamba pa kabati. Chimbudzi chokumba cha kuseri, chomwe mchimwene wanga ankalamula pafoni kuti achigwetse chifukwa chikuchititsa manyazi nyumba yatsopano, sanachigwetse. Anachifolera ndi malata otsala, ndipo mvula ikakhazikika mu Januwale, dzenje la septic tank likayamba kudzaza ndi madzi apansi, banja lonse limalowera komweko.